Mamendulo a agogo tawapeza m'chitini: tiwakumbuke bwanji?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala mumzinda wa Cork ku Ireland, ndipo amuna anga ndi a konkuno. Mwezi watha tinkathandiza apongozi anga aamuna kulongedza katundu, poti akusamukira kunyumba yocheperako. Mwana wanga wamkulu, wa zaka 12, anatulutsa chitini chakale cha mabisiketi kuseri kwa kabati. M'katimo munali mamendulo atatu. Ina ndi yooneka ngati nyenyezi, yolembedwa 1914-15, ina ndi yasiliva yokhala ndi mutu wa mfumu, yachitatu ndi yachikasu yokhala ndi chithunzi cha mkazi wamapiko. Munalinso kabaji kozungulira kasiliva kokhala ndi nambala kumbuyo. Pa mamendulowo pali dzina, nambala ndi zilembo zakuti R. MUNS. FUS.

Apongozi anati ndi za agogo awo, bambo a bambo awo. Akuti anapita kunkhondo yoyamba yapadziko lonse, anabwerako akutsimphina, anagwira ntchito kudoko mpaka kukalamba, ndipo anamwalira apongozi ali kupulayimale. Za nkhondo sankazitchula, ndipo pakhomo panalibe wowafunsa. Kuchikazi kwa apongozi kunali anthu amene anamenyera ufulu wa Ireland, ndipo amenewo zithunzi zawo zili pakhoma. Nditafunsa zambiri apongozi anangoti, "Zisiyeni, zinapita." Koma chitinicho sanachitaye, chili patebulo mpaka lero.

Mwana wanga wandifunsa kuti, "Amama, kodi agogowa anali kumbali ya anthu oipa?" Ndinasowa chomuyankha. Tinapita pachipilala cha asilikali ku South Mall, dzina lawo palibe. Kodi tingadziwe bwanji mbiri yawo, nanga tingawakumbukire motani osawapweteka mtima apongozi? Kusukulu mwana amvanso za duwa lofiira lija anthu amavala mu November pokumbukira asilikali ogwa kunkhondo, akufuna kudziwa ngati angavale.

Mayi wa ku Cork

YANKHO

Mayi, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kusalibisa funso la mwanayo. Ndiyambira pomwepo, chifukwa ndikuona kuti ndilo lakusowetsani tulo. Muuzeni mosazengereza kuti ayi, agogowo sanali kumbali ya anthu oipa. Koma musathamangirenso kumuuza kuti anali ngwazi, poti zimene anachita kunkhondoko simunazidziwebe. Mumuuze chimene chili choona: anali mnyamata wa ku Cork amene analowa usilikali Ireland yense ali pansi pa ufumu wa Britain, ndipo pobwera anapeza kwawo anthu atasintha maganizo.

Mu 1914 aphungu a ku Ireland ankakhala kunyumba ya malamulo ya ku London, monga zinalili kuyambira 1801. Lamulo lopatsa Ireland boma lakelake pa nkhani za m'dziko linali litangovomerezedwa mu September chaka chimenecho, koma analiimitsa kaye mpaka nkhondo itatha. John Redmond, mtsogoleri wa chipani chachikulu cha omenyera boma limenelo, analankhula ku Woodenbridge m'boma la Wicklow pa 20 September 1914, kulimbikitsa anyamata kuti apite kulikonse kumene nkhondo ikumenyedwa. Iye ankakhulupirira kuti magazi awo ndiwo adzakakamiza Britain kusunga lonjezo. Ena anamva za Belgium, dziko laling'ono la Akatolika ambiri limene Germany inalowa mwankhanza, mitima yawo n'kuwawa. Choncho ambiri mwa amene ananyamula mfuti ankadziona kuti akutumikira Ireland. Onse pamodzi anaposa 200,000. Chiwerengero chimenechi mwana achidziwe, kuti asamaganize kuti agogo ake anali munthu mmodzi wosokera.

Ku Ireland kunalibe kulemba usilikali mokakamiza. Boma la Britain linayesa mu 1918, koma maepiskopi, mabungwe a antchito ndi zipani anakana limodzi, lamulolo n'kulephereka. Ndiye kuti agogowo anapita okha kukalembetsa. Komatu kufuna kwa munthu wosauka n'kovuta kukuweruza. Wantchito wakudoko ankaima pachipata m'mawa osadziwa ngati amutenga tsiku limenelo. Usilikali unkamupatsa sheleni imodzi patsiku, chakudya, nsapato ndi zovala, ndipo ngati anali wapabanja mkazi wake ankalandira ndalama sabata iliyonse, yowonjezereka malinga ndi ana. Mabanja ena m'timisewu ta Cork ndi Dublin anayamba kuona ndalama yodalirika nthawi imeneyo. Ine sindimupeputsa munthu amene anavala yunifolomu kuti ana ake adye. Sindimuika pansi pa amene anapita chifukwa cha mawu a Redmond, ndipo ndikukhulupirira kuti mwa ambiri zifukwa ziwirizi zinali mumtima umodzi.

Tsono chinasintha n'chiyani? Pa 24 April 1916, Lolemba la Pasaka, gulu la omenyera ufulu linaukira boma ku Dublin. Sabata yomweyo, kuyambira pa 27 April, asilikali a 16th Irish Division ankatsamwa ndi mpweya wapoizoni m'ngalande zawo ku Hulluch, ku France. Onsewo anali ana a dziko limodzi. Kuukirako kunalephera, koma boma litapha atsogoleri ake, 14 mwa iwo powawombera kundende ya Kilmainham, mitima ya anthu inatembenuka. Pachisankho cha December 1918 chipani cha Sinn Féin, chofuna kuti Ireland achoke kotheratu pansi pa Britain, chinatenga mipando 73 mwa 105, chipani cha Redmond n'kutheratu mphamvu. Msilikali amene anatsanzikana ndi anthu akumuimbira nyimbo kusiteshoni anabwera yunifolomu yake itasanduka ya mdani.

Ku Cork kwanuko zinafika poipa zedi. Mu March 1920 meya wa mzinda, Tomás Mac Curtain, anawomberedwa m'nyumba mwake usiku. Womulowa m'malo, Terence MacSwiney, anafera kundende ya Brixton mu October atakana chakudya masiku 74. Usiku wa pa 11 December chaka chomwecho, apolisi apadera a boma la Britain anatentha pakati pa mzinda, kuphatikizapo masitolo a mu St Patrick's Street ndi nyumba ya khonsolo. Taganizani, Mayi, munthu wotsimphina akudutsa m'phulusa limenelo popita kudoko, kunyumba ali ndi kabaji kolembedwa kuti anatumikira mfumu ndi ufumu wake. Asilikali ena akale anaphedwa ndi IRA, gulu lankhondo la omenyera ufulu wa Ireland, powaganizira kuti ndi akazitape. Ena analowa IRA yomweyo: Tom Barry, amene anatsogolera nkhondo ya m'tchire kumadzulo kwa Cork, anali atamenya nkhondo ku Mesopotamia, kumene lero ndi Iraq, m'gulu la Britain. Ambiri analowa gulu lankhondo la boma latsopano la Ireland mu 1922. Koma unyinji unachita zimene anachita agogo anu: kufunafuna ntchito, kulera ana, n'kutseka pakamwa. Onjezanipo zimene maso awo anaona, zosafotokozeka kwa mkazi kapena mwana. Kukhala chete kwawoko musakuwerenge ngati umboni wakuti anachita zamanyazi.

Tsopano tibwere ku chitinicho, chifukwa muli ndi zambiri kuposa mmene mukuganizira. Zilembo zija zikuimira Royal Munster Fusiliers, gulu limene likulu lake linali ku Tralee ndipo linkalemba anyamata a m'maboma a Cork, Kerry, Limerick ndi Clare. Linathetsedwa mu July 1922 pamodzi ndi magulu ena a kumwera kwa Ireland, monga Royal Dublin Fusiliers ndi Connaught Rangers, ndipo mbendera zake anakazisiya ku Windsor Castle. Mendulo yasiliva ndi British War Medal, yachikasu ndi Victory Medal. Ziwirizi analandira anthu ochuluka kwambiri. Yanyenyeziyo ndiyo yolankhula: inkaperekedwa kwa amene anafika kumalo omenyera nkhondo chaka cha 1915 chisanathe. Amene anali ku France m'miyezi yoyambirira ya nkhondo analandira nyenyezi ina yolembedwa 1914 yokha, choncho agogowo sanali m'gulu loyambalo.

Zikatero njira zimene angakhale atadutsa ndi zowerengeka, ndipo palibe yopepuka. Gulu la a Munster linali logawidwa m'magulu ang'onoang'ono otchedwa mabatalioni. Batalioni yoyamba inafika ku Gallipoli, ku Turkey, pa 25 April 1915, itadzazidwa m'sitima yakale yonyamula malasha yotchedwa River Clyde. Sitimayo anaigundika dala pagombe kuti asilikali atsike kudzera m'zitseko zimene anaboola m'mbali mwake, koma asilikali a Turkey anali atatchera kale mfuti. Ambiri anafera pamatabwa otsikira, ena anamira ndi kulemera kwa katundu. Batalioni yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri zinafika ku Suvla Bay, ku Gallipoli komweko, mu August, kumene ludzu ndi kamwazi zinkagwetsa anthu pamodzi ndi zipolopolo. Yachiwiri inali ku France, ndipo inataya anthu ambiri ku Aubers Ridge pa 9 May 1915, dzulo lake wansembe wawo, Bambo Francis Gleeson, atawapatsa onse chikhululukiro cha machimo ali pamsewu. Yachisanu ndi chitatu ndi yachisanu ndi chinayi zinawoloka kupita ku France mu December 1915.

Kuti mudziwe njira yawo, koperani nambala ya pamenduloyo mosamala, chifukwa ku Munster, chigawo cha kumwera kwa Ireland kumene kuli Cork, anthu ofanana dzina ndi mfunda ndi ambirimbiri, ndipo nambala ndiyo imawasiyanitsa. Ndi dzina, nambala ndi gulu, fufuzani khadi la mamendulo awo pa intaneti, m'zikalata za National Archives ya ku Kew, ku London, m'gawo lotchedwa WO 372. Kwa munthu wa nyenyezi ya 1914-15 khadilo kawirikawiri limalemba tsiku limene anafika kunkhondo ndi chizindikiro cha dera: 1 ndi France, 2B ndi Gallipoli. Mabuku a mamendulo a m'gawo la WO 329 nthawi zambiri amatchula batalioni. Mukaidziwa batalioni, pitani ku WO 95, kumene kuli mabuku amene akuluakulu a batalioni iliyonse ankalemba tsiku ndi tsiku: tagona pamudzi wakuti, mvula yagwa, mizinga yatiwomba, afa angapo, avulala angapo. Msilikali wamba satchulidwa dzina kawirikawiri, koma mudzadziwa kumene mapazi awo anaponda, sabata ndi sabata. Kwa mwana wa zaka 12 wokhala ndi mapu patsogolo pake, phunziro loposa limeneli sindikuliona.

Kabaji kozungulira kaja musakanyoze. Ndi Silver War Badge, imene inkaperekedwa kwa msilikali wotulutsidwa usilikali chifukwa cha mabala kapena matenda, kuti azivala pa zovala wamba, anthu asamamunene kuti akuthawa nkhondo. Nambala yakumbuyo ndi ya bajiyo, si ya msilikali, ndipo ili ndi kaundula wake amene amalemba tsiku lolowa usilikali, tsiku lotuluka ndi chifukwa. Kutsimphina kumene apongozi anu akukumbukira mwina mukupeza chiyambi chake pamenepo.

Konzekerani kukhumudwa pamalo amodzi. Mafayilo a msilikali aliyense payekha, momwe munali msinkhu, ntchito, dzina la mkazi, mabala ndi zilango, ankasungidwa ku Arnside Street ku London, ndipo mu September 1940 bomba linatentha nyumbayo. Oposa theka anapsa. Otsalawo ali mu WO 363, ena opserera m'mbali. Koma poti agogowo anatuluka ali wovulala, yang'ananinso mu WO 364 ndi m'makadi a penshoni amene bungwe la Western Front Association linapulumutsa. Makadi amenewo amasonyeza keyala ndi mtundu wa chilema.

Nkhondo inali zaka zochepa chabe pa moyo wa munthu amene anafika pokalamba, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Kalembera wa 1901 ndi wa 1911 ali pa intaneti kwaulere kudzera ku National Archives of Ireland. Mudzawapeza agogowo ali mwana kapena mnyamata, m'nyumba ya zipinda zingati, ndi abale angati, bambo awo akugwira ntchito yanji, ndiponso ngati ankalankhula chiyankhulo cha makolo a ku Ireland pambali pa Chingelezi. Fomuyo idzakhala ndi siginecha ya mwini nyumba, kapena kamtanda ngati sankadziwa kulemba. Pa irishgenealogy.ie pali zikalata za boma za kubadwa zopitirira zaka 100, za ukwati zopitirira zaka 75 ndi za imfa zopitirira zaka 50, nazonso zaulere. Chikalata cha imfa chidzakuuzani chimene chinawatenga ndi amene anakanena za malirowo kuboma. Kumbuyo kwambiri njira imavuta, chifukwa nyumba yosungiramo zikalata ku Four Courts ku Dublin inaphulika pa 30 June 1922, poyamba nkhondo yapachiweniweni, ndipo kalembera wa 1821 mpaka 1851 anapsa pafupifupi yense. Chothandiza pamenepo ndi mabuku a ubatizo a m'maparishi a Katolika, amene National Library of Ireland inaika pa intaneti mu 2015.

Za dzina losowa pachipilala, musadabwe ndipo musaganize kuti wina anawachotsa. Zipilala ndi za amene anafa. Ku Islandbridge ku Dublin kuli munda wachikumbutso umene anaukonza Edwin Lutyens, wokumbukira anthu 49,400, ndipo mayina awo ali m'mabuku asanu ndi atatu amene anasindikizidwa mu 1923, okongoletsedwa m'mphepete ndi Harry Clarke. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasamalira manda a ogwa kunkhondo kulikonse kumene ali. Amene anabwera amoyo, omwe ndi ochuluka kwambiri, alibe mwala wa boma. Anasenza nkhondoyo m'thupi zaka makumi angapo, ndipo owasunga dzina ndi a pabanja okha. Ichi chimandikhudza kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kalata yanu ndaipatsa malo onsewa.

Dziko la Ireland nalo linatenga nthawi kuti liwatchule poyera anthu amenewa. M'zaka za m'ma 1920 makamu ankasonkhanabe pa 11 November, tsiku limene nkhondoyo inaleka, ku Dublin ndi ku Cork, koma pang'ono ndi pang'ono mwambowo unazirala, ndipo munda wa ku Islandbridge unafika pomera tchire mpaka anaukonzanso m'ma 1980. Pa 11 November 1998 Pulezidenti wa Ireland wa nthawiyo Mary McAleese, Mfumukazi Elizabeth II ndi Mfumu Albert II ya Belgium anatsegulira limodzi nsanja yachikumbutso ku Messines, ku Belgium, kumene asilikali a kumwera kwa Ireland ndi a ku Ulster, kumpoto kwake, anamenya nkhondo mbali imodzi mu June 1917. Mu May 2011 Mfumukazi yomweyo inaika nkhata ya maluwa ku Garden of Remembrance, malo a omenyera ufulu, kenako ku Islandbridge. Apongozi anu anakula zonsezi zisanachitike. Mawu awo akuti zinapita ndi mawu a nthawi imene anakuliramo.

Ndiye muwayandikire bwanji? Choyamba, mamendulowo ndi awo, ndipo inu ndinu mpongozi pakhomopo. Musayambe kufufuza kuseri. Akambirane ndi mwana wawo, amuna anu, kuti adzukulu akufuna kudziwa, ndipo apemphe chilolezo chojambula mamendulo. Munthu wofuna kuti nkhani ife sasiya chitini patebulo, choncho ndikuona kuti khomo ndi lotsegula pang'ono. Chachiwiri, musawafunse za nkhondo, chifukwa za nkhondo sakuzidziwa ndipo funsolo limawabwezera ku mkangano wa mbali ziwiri za banja lawo. Afunseni za munthuyo. Ankakhala mpando uti? Ankasuta kaliwo? Ankapita Misa ya nthawi yanji? Mwendowo unkawavuta kwambiri nyengo yozizira? Ankawaitana dzina lanji apongoziwo ali kamnyamata? Wofunsa akhale mdzukulu, poti agogo amamasukira mdzukulu kuposa mwana wobala okha. Akalola, jambulani mawu pafoni. Zikalata za ku Kew zidzakhalapo chaka chamawa ndi china, koma munthu amene anamva mawu a agogowo ndi makutu ake mwatsala naye mmodzi, ndipo ndi wachikulire. Yambani ndi iwo.

Zithunzi za akuchikazi zimene zili pakhoma musazisunthe ngakhale pang'ono. Anthu amenewo ali ndi ulemu wawo, ndipo nawonso mbiri yawo mungaipeze ku Military Archives, ku Cathal Brugha Barracks ku Dublin, kumene kuli mafayilo a penshoni a omenyera ufulu a zaka za 1916 mpaka 1923. Mukafufuza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, apongozi adzaona kuti simukukweza wina potsitsa mnzake. Ana anu ndi magazi a onsewo.

Duwa lofiira lija ku Ireland lili ndi mbiri yolemera. Limagulitsidwa ndi Royal British Legion pothandiza asilikali akale a Britain a nkhondo zonse, ndipo ambiri ku Ireland akaliona amakumbukira zimene asilikali a Britain anachita ku Northern Ireland, monga ku Derry mu January 1972. Ena amalivala ndi mtima woyera pokumbukira agogo awo. Maganizo anga ndi akuti mwana asalivale chaka chino. Ayambe wawadziwa agogowo, amve chifukwa chimene ena amalikanira, adzasankhe yekha atakula. Ngati mukufuna tsiku la dziko, lilipo National Day of Commemoration, Lamlungu loyandikira 11 July, lokumbukira anthu onse a ku Ireland amene anafa pa nkhondo zakale kapena potumikira United Nations. Koma kwa banja lanu tsiku loyenera kwambiri ndi limene agogowo anamwalira. Lipezeni pa chikalata cha imfa, funsani manda, pitani ndi ana mukalambule, ndipo ngati banjalo ndi la Katolika perekani Misa m'dzina lawo, monga amachitira konko. Apongozi muwaitane, koma akakana musawaumirize.

Mamendulowo musawapukute ndi mankhwala owalitsira zitsulo, chifukwa amafufuta zilembo za m'mphepete, ndipo tinsalu take tikhale tomweto ngakhale tathetheka. Achotseni m'chitini ngati chayamba dzimbiri, muwakulunge padera pamalo ouma, ndipo muikemo pepala lolembedwa dzina lonse, nambala, gulu, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, kumene anaikidwa ndi ubale wawo ndi ana anu. Mwana wamkuluyo ndiye alembe, ndi dzanja lake.

Mukalipeza khadi la mamendulo, ndilembereninso mundiuze tsiku ndi chizindikiro cha dera chimene chalembedwapo. Tidzaona limodzi batalioni imene agogowo ayenera kuti analimo, ndi miyezi imene muyenera kuyamba kuwerenga m'mabuku a tsiku ndi tsiku aja.